Pawa Sapulayi Yobwereka kwa Che Twaibu

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinawononga chinthu chachikulu kuposa zonse m'banja mwathu, ndipo ndinachiwononga ndi chala chimodzi chakuphazi, nditagona chagada, ndikutafuna chingamu. Ndinene poyambirira kuti ine ndine wovuta chibadwire. Ndine ndinamata timapepala kunsi kwa mausi onse a m'chipinda cha makompyuta kusukulu kwathu, aphunzitsi n'kutha theka la ola akuwagwedeza ngati akupeta mpunga. Ndine ndinasintha chilankhulo cha foni ya a neba kukhala Chitchaina, iwo n'kuyenda nayo sabata yathunthu akufunsa aliyense. Zimenezo sindipepesa, ndipo nditapeza mpata mawa ndibwerezanso. Koma nkhani iyi ndi ina.

Tinkakhala ku Joni, ku Capital Park, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni, ine ndi achimwene anga a Rajabu, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Amayi ankagona kuntchito ku Garsfontein, n'kumabwera Loweruka masana. Kompyuta yathu anabwera nayo ndi iwowo. Mabwana awo anali ataiika panja pafupi ndi bini, Amayi n'kuikulunga m'chitenje, n'kukwera nayo matakisi awiri ataikhazika pamiyendo. Linali bokosi lakuda la mu ofesi, lolemera, lokhala ndi fani yolira ngati njuchi m'botolo. A Rajabu ankalemberapo anthu makalata ofunsira ntchito ndi kukonza makadi a ukwati. Ine sankandilola ngakhale kuipukuta fumbi.

Abambo anali atabwerera kumudzi ku Ntaja chaka chapitacho, chifuwa chitawakanika kuno ku Joni. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanalowe tsiku lomwelo anali ataikidwa kale, monga timachitira Asilamu. Basi yochokera kuno imatenga masiku awiri. Palibe wa ife anaona nkhope yawo. Amayi anamva uthengawo pafoni ali pakati posita malaya a bwana, ndipo anamaliza kaye kusita.

Patatha milungu iwiri, kondakitala wa basi anatibweretsera envelopu yochokera kwa amalume. Munali memore, kakhadi kosunga makanema ka mu kamera. Abambo atazindikira kuti sadzukanso, anatuma amalume kukabwereka kamera kwa mnyamata wina wojambula maukwati ku Liwonde, nakhala pakhonde, n'kulankhula ndi ife mmodzimmodzi. Memoreyo inali ya mwini kamera, ndipo inayenera kubwerera ndi basi yomweyo. A Rajabu anakopera zonse mu kompyuta, m'kachitsulo kosunga zinthu kaja timati hadi disiki, n'kuthamangira nayo kusiteji. Flashi yathu inali yaing'ono, sizinakwanemo. Choncho mawu ndi nkhope ya Abambo zinatsala malo amodzi okha, m'bokosi lotola pabini lija.

Amayi atamva anakhala pabedi. Kenako anati, "Sindionera panopa. Ndikaona ndili ndekha ndigwa, ndipo Lolemba kuli ntchito. Tidzaonera pa arubaini, ondigwira alipo." Arubaini ndi sadaka imene timachita pakatha masiku makumi anayi munthu atamwalira. Tsiku linakhazikika, Loweruka, ndipo amayi a kumzikiti anauzidwa.

Vuto linali loti kanemayo sankayenda. Kamera ija inali yamakono, kompyuta yathu yamakedzana. Chithunzi chinkaima Abambo atayasamula, mawu n'kumapitirira okha, ndipo mphepo ya pakhonde inkaphimba mawu ena. A Rajabu anatsimikiza mtima kuti akonza, kuti Amayi adzaone chinthu chaulemu. Ankakhala masana onse atavala mahedifoni, atatembenuzira sikirini kukhoma. Ndikasuzumira ankandikankha ndi chigongono.

"Udzaona ndi Amayi. Si filimu iyi."

Chimwalirire Abambo, achimwene anasanduka munthu wina. Anayamba kuyenda ngati Abambo, kutsokomola asanalankhule ngati Abambo, kundifunsa za homuweki ndi mawu obwereka. Kuseka kunatha m'kachipinda kathu. Ine sindinkadziwa kulira munthu amene sindinamuone chaka chathunthu, ndipo bata lija linkandiyabwa thupi lonse.

Achimwene anagula girafikisi khadi yogwiritsidwa kale ntchito kwa munthu wina m'tauni. Ndi chipangizo chimene chimathandiza kompyuta kusenza zithunzi ndi makanema olemera. Inali yaikulu, ya mafani awiri, moti inalowa m'bokosimo movutikira, achimwene atapinda kachitsulo kena ndi pulayala. Atayatsa, kanema anayenda bwinobwino. Ndinaona mapewa awo akutsika. Koma patangotha mphindi khumi ali pa ntchito yeniyeni, phi! Fani zonse chete, sikirini bii. Magetsi sanazime, babu linali chiyakire. Anayatsanso, inayenda pang'ono, n'kuzimanso.

Masiku atatu anachita zonse zimene anthu amachita. Anazula khadi n'kuibwezeramo. Anauzira fumbi mpaka maso kufiira. Anazula timatabwa ta ramu, tokumbukirira kompyuta, n'kutipukuta ndi labala ya pensulo. Anachotsa mapulogalamu a khadiyo n'kuikamo ena. Palibe chinasintha. Ikangolemedwa, inkazima.

Loweruka m'mawa tinainyamula kupita nayo m'tauni kwa Che Twaibu, bambo wa ku Mangochi amene ankakonza mafoni ndi makompyuta m'kachipinda ka kuseri kwa ometa tsitsi, pafupi ndi pokwerera matakisi. Munkanunkha waya wopsa ndi tiyi. Che Twaibu anatsegula bokosilo, nalowetsa mutu ndi tochi, n'kuwerenga kapepala komatidwa pa kabokosi kachitsulo ka pakona, kamene kamalandira magetsi ochokera kukhoma n'kugawira zipangizo zonse.

"Pawa sapulayi iyi ndi ya mawati 240," anatero. "Inapangidwira mlembi wa mu ofesi. Iwe wakweza ng'ombe pa njinga, kenako ukudabwa kuti sipoko zikuduka."

"Ndiye ndi imeneyo?"

"Ndikuganiza, koma sindikudziwa. Kuganiza ndi kudziwa si pachibale." Anatsitsa pashelefu pawa sapulayi ina yaikulu, yolemera kawiri. "Iyi ndi ya kasitomala, akubwera Lolemba. Kaike. Usasinthe china chilichonse, wamva? Chinthu chimodzi basi. Uilemetse masana onse. Ikapanda kuzima, tampeza wakuba. Ikazima, ndiye kuti pawa sapulayi ilibe mlandu, tikafufuze kwina."

Ali mkati molankhula ine ndinali nditatola kafani kakale patebulo n'kumakazunguza ndi chala. Anandilanda osandiyang'ana n'komwe. "Uyu manja ake ali ndi njala," anauza achimwene.

Tsopano ndifotokoze za waya. M'kachipinda kathu munali soketi imodzi yokha, ndipo tinkalumikizapo adaputala yaitali ija yokhala ndi swichi pa bowo lililonse. Inkakhala pansi, kumiyendo kwa bedi langa, kuseri kwa katoni ya nsapato. Sikirini inali ndi swichi yake, ketulo yake, bokosi la kompyuta yake. Ndinkadziwa iliyonse osayang'ana, chifukwa ndinkazimitsira achimwene ketulo kawirikawiri.

Lamulungu masana, Amayi atapita kukaona mnzawo wodwala, a Rajabu anaika pawa sapulayi yobwereka ija. Anayatsa, n'kuipatsa ntchito yolemera. Mphindi khumi zinadutsa. Makumi awiri. Ola. Ndinali pabedi ndikuwaonera kumbali. Anavula mahedifoni, nayamba kugunda tebulo ndi zala pang'onopang'ono, ndipo kwa nthawi yoyamba chimwalirire Abambo ndinaona akumwetulira. Ndinafunsa ngati ikatha ntchitoyi ndingadzaikemo gemu ya mpira.

"Iwe usapume n'komwe pafupi ndi makinawa," anatero osacheuka. "Ukadakhala ndi nzeru bwenzi ukuwerenga."

Phazi langa linali kale pa katoni. Ndinatambasula chala chachikulu, n'kupeza swichi yachitatu. Thi, thi. Kuzima ndi kuyatsa, mofulumira.

Eish, nkhope imene anapanga. Ngakhale lero ndikaikumbukira, chinachake m'mimba mwanga chimafuna kuseka, ndipo sindingakunamizeni kuti ayi. Pakamwa panatseguka, manja anakwera m'mwamba n'kuima pomwepo ngati wagwidwa ndi apolisi. Anasuzumira kuseri kwa bokosi, anagwira waya, anayang'ana babu. Ine ndinali nditaphimba nkhope ndi buku la jogirafe, nthiti zikuwawa. Anayatsanso. Ndinadikira theka la ola, kuti zioneke zenizeni, n'kubwereza. Kachitatu ndinadikira mphindi zisanu zokha. Ndinkadziona katswiri.

Atazimiridwa kachitatu anaika mutu m'manja. Kenako ananena motsitsa, ngati akudziuza okha, "Ndiye si pawa sapulayi."

Ndinamva mawu amenewo bwinobwino. Ndinali kwa Che Twaibu dzulo lake, ndinamva lamulo lawo, ndipo ndinkadziwa kuti makina aja anali atayankha kale kuti wolakwa ndi ndani, ine n'kufufuta yankholo. Zinkangofunika kunena kuti achimwene, ndine. Akanandimenya khofi limodzi kapena awiri, nkhani n'kutha. Koma ndinaganiza kuti ndidzaulula pa tsiku labwino, zonse zitatha, anthu akuseka. Nthabwala yabwino chonchi sumaitaya msanga.

Lolemba achimwene anabweza pawa sapulayi yaikulu ija, n'kubwezeramo yakale. Che Twaibu akuti anadabwa, nawauza kuti abweretse bokosi lonse likhale kwa iwo masiku angapo. Koma arubaini inali Loweruka lomwelo, ndipo achimwene sakanalisiya. Anapeza njira yawo. Anachotsa chitseko cha m'mbali cha bokosilo, nalozetsamo fani ya m'nyumba, n'kumagwira ntchito pang'onopang'ono, mphindi zisanu ndi zitatu, kupumitsa, mphindi zisanu ndi zitatu. Inkazimabe, tsopano payokha. Nthawi iliyonse ikazima ndinkayang'ana phazi langa. Kununkha kwina kunayamba kumveka, ngati pulasitiki yoiwalika pa mbaula. Ndinakumva Lachiwiri, ndinakumva Lachitatu. Ndinangotsegula zenera.

Lachinayi nditabwera kusukulu ndinakhala pakhomo ndikudya buledi, yunifolomu ndisanavule. Achimwene anati kwatsala pang'ono, akungolumikiza zidutswa zomaliza. Ndiye kunamveka phokoso louma, phwa, ngati munthu waponda babu. M'bokosi munatuluka kuwala kobiriwira, kenako utsi woonda, woyera. A Rajabu anazula waya kukhoma ndi manja onse awiri. Utsi uja unakwera kudenga osafulumira, ndipo tonse tinangouyang'ana.

Lachisanu titatuluka kumzikiti tinapita kwa Che Twaibu. Ananunkhiza pawa sapulayi yakale ija n'kuiponya m'katoni ya zinyalala. Anazula hadi disiki, naitembenuza, n'kutionetsa kadontho kakuda pa kabolodi kake kobiriwira. Anati pawa sapulayi ikamafa nthawi zina imalavula magetsi ochuluka n'kupha zonse zimene yagwira. Anailumikiza ku kompyuta yawo, n'kuiika kukhutu. Anasintha waya. Anafunafuna m'madirowa kabolodi kofanana nako, naikapo, n'kumvetseranso. Chimbale cha mkati chinalira kawiri, kete, kete, n'kukhala chete.

"Muli chiyani umu?" anafunsa.

Achimwene anawauza. Che Twaibu anavula magalasi, nanena mawu amene timanena pa maliro. Kenako iwo ndi achimwene anaimbira amalume kumudzi. Memore ija inali itafufutidwa kale, n'kujambulidwamo ukwati wa ku Balaka.

Ndinaganiza kuti tinyamuka, koma Che Twaibu anali asanakhutire. Ankayendayenda m'kachipindamo akukanda ndevu. "Chikundivuta ndi chimodzi. Yanga ija inazimiranji?" Mwini wake anali asanabwerebe kudzaitenga. Anaitsitsa, naiika mu kompyuta yawo yoyesera pamodzi ndi khadi yathu, imene inali itapulumuka, n'kuipatsa ntchito yolemera kwambiri. Tinakhala pabenchi. Ometa tsitsi ankaseka kuseri kwa khoma, matakisi ankaliza mahutala panja. Ola linatha, mafani akuzungulira mosatekeseka.

"Ndiuze bwino," anatero kwa achimwene. "Ndi yanga ija, inkazima ikalemedwa, kapena nthawi iliyonse?"

"Koyamba patatha ola. Kenako theka la ola. Kenako mphindi zisanu."

"Ikugwira ntchito yomweyomweyo?"

"Yomweyo."

"Waya wa bokosi umalowa pati?"

Ndinaona a Rajabu akukumbukira adaputala ya kumiyendo kwa bedi langa. Anatembenuka pang'onopang'ono kundiyang'ana. Ndipo apa pali chinthu chimene sindimachimvetsa mpaka lero: nkhope yanga inamwetulira yokha. Inazolowera. Nthawi zonse ndikagwidwa ndimamwetulira, ndiye pabwino pake pa masewera. Ndinayesa kuibweza koma inali itatuluka kale.

"Kanali katatu kokha," ndinatero.

Ndinadikira khofi. Silinabwere. Che Twaibu anazimitsa kompyuta yawo, natola sikuludiraiva, n'kuyamba kumasula khadi. Ali chiweramire anati, "Mwana iwe, mkulu wako amafunsa makina funso. Iwe unayankha m'malo mwa makina." Mu takisi yobwerera achimwene anakhala kutsogolo, ine kumbuyo, bokosi lopanda kanthu lili pamiyendo panga.

Loweruka anthu anabwera. Amayi a kumzikiti anaphika mpunga ndi nkhuku kuseri kwa nyumba, amuna anakhala pa mikeka pabwalo, Shehe anawerenga madua. Neba wina anali atabwereketsa TV yaikulu, ndipo inali itaikidwa kale pa tebulo pakhomo, itapukutidwa. Amayi anavala mpango woyera. Achimwene anawatengera pambali asanayambe kudya. Sindinamve zonse, koma ndinamva kuti dzina langa silinatchulidwe. Anangoti kompyuta yapsa, ndipo iwo ndi amene analakwa posasunga pawiri.

Amayi sanakuwe. Anayang'ana TV ija, kenako anayang'ana a Rajabu. "Iwe unawaona?"

"Ndinawaona, Amayi. Kambirimbiri."

"Ndiye khala apo undiuze."

Anakhala pa mpando patsogolo pa TV yozima, amayi onse atazungulira, amuna atasendera pafupi. Anatseka maso n'kuyamba. Milungu itatu yomvetsera mawu omwewo mobwerezabwereza inali itawalowetsa m'mutu, mpaka malo amene Abambo ankaima kuti atsokomole. Ananena za munda wa kudambo, za malata a nyumba, za kupepesa kuti anawasiya Amayi akugwira ntchito m'nyumba za eni. Amayi ankadula ndi mafunso. Anavala chiyani? Malaya abuluu aja. Anaonda kwambiri? Achimwene anazengereza, kenako anati pang'ono. Anameta? Anameta. Apa ndi pamene Amayi anagwa, ndipo owagwira analipo.

Ine ndinali nditaima pafupi ndi mpopi wa panja, ndikudikira gawo langa. Achimwene ananena la Amayi, ananena lawo, ananena moni wa kwa anthu a kumzikiti. Kenako anatsegula maso.

"Nanga za mng'ono wako?" anafunsa mayi wina.

"Za Sharifu ndidzamuuza yekha."

Papita zaka zisanu. Ndamaliza sekondale, ndipo masana ena ndimakathandiza kwa Che Twaibu, amene amati manja anjala ndi bwino kuwapatsa sikuludiraiva kusiyana ndi kuwasiya m'thumba. Ndimadziwa tsopano kuwerenga kapepala ka pawa sapulayi ndisanaike khadi, ndimadziwa kusunga chinthu pawiri. Kusewera sindinasiye. Mwezi watha ndinasinthanitsa mabatani awiri pa kiyibodi ya Che Twaibu, anatukwana m'Chiyao mpaka ometa tsitsi kubwera kudzaona. Koma ndinawauza tsiku lomwelo, tiyi asanazizire. Ndi chokhacho chimene ndinaphunzira, ndipo sindikudziwa ngati chikukwana kutchedwa phunziro. Munthu ukhoza kumuopseza, kumuchititsa manyazi, kumuthira mchere mu tiyi. Amakwiya, koma amadziwa chimene chamuchitikira. Achimwene anachoka pa tebulo lija akukhulupirira chinthu chabodza, ndipo anachita zonse zotsatira mwanzeru ndi mosamala, atatsamira pa bodza langa.

Amayi sakudziwabe, pokhapokha wina akawawerengera izi. Ine ndi a Rajabu timalankhulana, timadya mbale imodzi, anandigulira nsapato nditakhoza mayeso. Ndawafunsa katatu zimene Abambo ananena kwa ine. Koyamba anatuluka panja. Kachiwiri anati nthawi yake sinakwane. Chaka chatha, tikuchokera ku Idi, ndinafunsanso tili pa mzere wa takisi, ndipo anayang'ana kumsewu.

"Gawo lako linali mphindi zinayi," anatero. "Lalitali kuposa langa."

Takisi inabwera, tinakwera. Nthawi zina ndikakhala ndekha ndimaika foni patebulo n'kuyang'ana wotchi mpaka mphindi zinayi zithe, osalankhula, osagwira kanthu. Ndi nthawi yaitali kwambiri. Munthu wodwala chifuwa angafunike kupuma kangapo kuti aimalize.